Nyumbayi Imamwa

Matope. Kuchokera pa tala mpaka pa geti, matope okhaokha. Sajeni Nomsa Ngozo adatsika pa kabaza nayang'ana nsapato zake. Adazigula ku Limbe mwezi watha. Tsopano zinkaoneka ngati mbatata zongokumba.

Pa Manjawira adali atakhalapo miyezi inayi. Ku Zomba adagwirako ntchito. Ku Mchinji, ku Karonga, konseko adapondako. Kwina konse mlandu unkayamba ndi umboni. Kuno unkayamba ndi “akuti”.

Lidali Lolemba. Dzulo lake, anthu ali ku tchalitchi, chipinda chogona cha nyumba ina yongogulidwa kumene chidatitimira. Simenti ya pansi idaphwasuka. Khoma la kumbuyo lidagwera mkati. Sipadafe munthu. Koma pofika masana, achitetezo a m'mudzi adatulukira pa polisi ndi mwamuna womangidwa chingwe cha mbuzi, khamu lili pambuyo ndi miyala m'manja. Dzina lake Aleck Chimombo, yemwe kale ankachita lendi m'nyumbamo. Akuti adakumba pansi pa khoma. Ena akuti sadakumbe ndi khasu lokha.

Fayilo inkayenera kupita ku khothi mawa m'mawa. Ikapita momwe idalilimo, Aleck akalowa m'ndende kukadikira mlandu wofuna kupha. Nomsa adali ndi tsiku limodzi, ndi nsapato zonyowa.

Nyumbayo kutsogolo idali yokongola. Penti yachikasu, malata ophathima. Pa khonde padaima mayi wovala jinzi, foni ili m'manja.

“Ndinu apolisi aja? Ine Pauline Ndau. Nyumbayi ndi yanga. Kaya ndinene kuti inali yanga.”

“Munaigula liti?”

“Patha masabata atatu. Ndine namwino ku Lilongwe. Ndinagulira adadi. Ndinawachotsa ku Kasinje kuti akhale pafupi ndi msewu, akadwala ndizifika msanga.”

“Munaiona musanagule?”

“Pa foni. Zithunzi zambirimbiri. Kenako ndinabwera Loweruka lina.”

“Munakhalamo nthawi yaitali bwanji?”

“Ndinkathamangira basi. Mwina theka la ola.”

“Theka la ola.” Nomsa adalemba. “Chitenje mumasankha nthawi yaitali bwanji, mayi?”

Pauline adaluma mlomo.

“Munabwera ndi munthu wodziwa zomangamanga?”

“Mnzanga anandipatsa nambala ya a Steve, mmisiri woyeza nyumba. Iwo anati ndiwapatse masiku atatu. Akwere kudenga, akumbe m'mbali mwa maziko, acheze ndi oyandikana nawo. Koma a Paison, ogulitsawo, anati masiku atatu palibe, wina wa ku Balaka akubwera mawa lake. Ndiye ine...”

“Ndiye inu. Tiyeni ndikaone.”

Chipindacho chidali kumapeto, chowonjezera pa nyumba yakale. Pakati pake padali dzenje. M'dzenjemo mudatsamwa wadiropu yaikulu, miyendo m'mwamba, mozungulira njerwa zogumuka ndi madzi akuda. Bedi lidapendekeka, mwendo umodzi ukulendewera pamphepete.

“Wadiropuyo ndi yanu?”

“Basela. A Paison anatisiyira. Anati ndi yolemera, sangavutike nayo.”

Nomsa adayang'ana khoma la m'mbali, lomwe lidakali chiimire. Penti yatsopano idathera m'mizere yowongoka, kusiya malo a makona anayi osapenta, saizi ya wadiropu ndendende. Pamalopo padatuluka misomali inayi yaitali, timatabwa tothyoka tili kumitu. Pakati pa misomaliyo padatsika mng'alu woti dzanja n'kulowa. Wina adauzinga ndi mapepala a matumba a simenti.

Basela wokhomera kukhoma. Nomsa adali asadamuonepo.

Adatuluka n'kuzungulira kuseri. M'munsi mwa khoma, pomwe simenti ya khonde idang'ambika, padatuluka kamphukira kobiriwira, tsamba lokulungika ngati ndudu. Nthochi. Adamwaza maso pa puloti yonse. Padalibe mtengo wa nthochi ngakhale umodzi.

“Bwana Sajeni! Mwafika, Ambuye alemekezeke!”

Adali mwamuna wonenepa, wa jekete la bulawuni, wonunkhira sopo. Paison Nyoni, mwini golosale ya malata ndi simenti pa msika. Adapereka moni ndi manja awiri. Kukhwapa adapanira khasu.

“Umboni uwu, bwana. Ndinaupeza ndekha kuseri kuno. Onani pa mpini. A.C. Aleck Chimombo. Anawotcha yekha ndi msomali.”

“Bwanji simunapereke dzulo?”

“Ndinaopa kuti lingasowe, bwana. Anthu a masiku ano.”

“Aleck akumbirenji nyumba ya eni?”

“Nsanje. Ndinamutulutsa kuti ndigulitse. Tsiku lomwelo anaima pakati pa msika, dzuwa likuswa mtengo, n'kukuwa kuti, ‘Nyumbayi imamwa! Tsiku lina idzameza munthu!’ Funsani aliyense.”

“Imamwa chiyani?”

Paison adatsitsa mawu. “Bwana, inu ndinu a m'tauni. Kuno munthu akati imamwa, sitifunsa kuti chiyani.”

Nomsa adatseka maso kamphindi. Adalandira khasu. Kumaso kwake kudali matope ofiira, a katondo, opakidwa bwinobwino ngati majarini pa buledi. M'dzenje muja dothi lidali lakuda bii. Ndipo pakhosi pa khasu, pomwe chitsulo chimalowa mu mpini, padali ukonde wa kangaude. Wosaduka.

Kangaudeyo adali momwemo, wamoyo.

*

M'chitokosi munkanunkha thukuta ndi mankhwala a nsikidzi. Aleck adakhala pansi, diso limodzi lotupa, malaya ong'ambika paphewa. Munthu wamfupi, wa mikono ngati mitondo. Ntchito yake kukweza matumba a kachewere m'malole.

“Mkazi wanga ali kuti?” adayamba ndi iye.

“Kwa abusa, ndi ana. Anthu akufuna kuwotcha komwe mukukhala. Dzulo m'mawa munali kuti?”

“Ku Kandeu. Kukweza kachewere.”

“Lamulungu?”

“Kachewere sapemphera, bwana.”

“Anakuonani ndani?”

“Dalaivala.”

“Dzina?”

“Timangomuti Shoti.”

“Shoti ndani?”

“Shoti basi. Ndi wamtali.”

“Nambala ya lole?”

“Yoyera.”

Nomsa adaika cholembera pansi. Adachitolanso. Aleck adatchula nambala ya foni ya Shoti. Nomsa adaimba katatu. Yozima. Lole idali kwinakwake pa msewu wa ku Blantyre, yoyera, pakati pa malole oyera zikwizikwi.

“Chabwino. Munanena kuti nyumbayo imamwa?”

“Ndinanena.”

“Kuti idzameza munthu?”

“Ndinanena. Nanga yachita chiyani?”

“Bambo Chimombo, ndikufuna kukuthandizani. Musandilemetse.”

Aleck adadzuka. “Madzi, bwana! Imamwa madzi! Nanga nyumba ingamwe chiyani, thobwa? Mkazi wanga akamakolopa m'chipinda chija, madzi onse amathamangira pakona. Pali kamng'alu. Amalowa, kolololo, osabwerera. Tsiku lina ndinathira ndowa yathunthu dala. Yonse inapita. Mvula ikagwa, pansi pamalira ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Ndinakauza a Paison. Mawa lake anandipatsa tsiku limodzi kuti nditulukemo. Mkuja wake anabwera anthu a penti.”

“Ndiye munakakuwa pa msika.”

“Ndinkafuna wogulayo amve! Sindinkamudziwa. Ndinanena Chichewa chomveka bwinobwino. Pofika madzulo nkhani inali yoti Aleck wati nyumba imamwa magazi. Pofika Lachitatu akuti ndinakwirira mutu wa fisi pakhomo. Ine fisi ndimuona kuti? Ndimanyamula mbatata!”

“Simunafotokoze?”

“Kufotokozera ndani? Ndikafika pa mjigo amayi amathawa kusiya zigubu.”

Nomsa adamuonetsa chithunzi cha khasu pa foni.

“Langa. Linatsala m'kachipinda kosungira katundu kuseri, pamodzi ndi chikwanje ndi keni yothirira. Tsiku limodzi munthu unganyamule zingati?”

“Kiyi wa kachipindako ali ndi yani?”

“A Paison. Anati katundu wawo akadali momwemo.”

“Pansi pa chipinda chija pali chiyani?”

“Sindikudziwa. Ndinapeza atamanga kale. Ndakhalamo zaka ziwiri basi.” Adakhalanso pansi. “Bwana, ndikapita ku ndende, ana anga awiri aja adya chiyani? Mayi wawo ndani angamugule tomato, mkazi wa mfiti?”

Nomsa adayang'ana wotchi. Leveni koloko. Adali ndi kangaude, misomali inayi ndi dalaivala wamtali wotchedwa Shoti. Woweruza akadaseka mpaka kugwa pa mpando.

Ali pakhomo adatembenuka. “Chipinda chija ankagonamo ndani?”

“Akuti anakonzera mdala wodwala maondo, bambo wa mayi uja.”

Mdala wodwala maondo, yemwe Lamulungu sapita ku tchalitchi. Nthawi ya teni koloko amayenera kukhala pa bedi lija. Nanga adali kuti?

*

Adamupeza pansi pa mtengo wa mapeyala, pa mpando wa pulasitiki. Fyson Ndau. Chipewa cha ubweya, jasi lakale lolemera, ndodo yokhala ndi bawuti kunsonga. Pauline adamunong'oneza Nomsa asadafike.

“Musawatengere kwambiri. Mutu wayamba kusokonekera. Chibwerereni akungoyendayenda m'nyumba kugogoda pansi. Chipinda chawo anakana. Amagona pabalaza ngati mlendo.”

“Ndikumva, Polina,” adatero mdalayo osatembenuka. “Maondo ndi amene anafa. Makutu ali moyo.” Adamuyang'ana Nomsa kuyambira kunsapato. “Mfunda wanu?”

“Ngozo.”

“Khalani pansi, Nangozo. Nsapatozo si za kuno.”

“Ndazindikira, bambo. Bwanji munakana chipinda?”

“Chimalira moipa.”

“Mwamva?” adatero Pauline. “Ndi zimenezo tsiku ndi tsiku.”

Mdalayo adagogoda ndodo pa mwala. “Zaka khumi ndi chimodzi m'migodi ya ku Joni, pansi pa nthaka. Mukudziwa ntchito yanga? Akaphulitsa miyala, utsi ukatha, woyamba kulowa ndinali ine. Ndekha, ndi chitsulo chachitali. Kugogoda denga. Mwala wabwino umayankha kuti *ngwe*. Mwala woti ukupha umati *bu*, ngati ng'oma yonyowa. Ndikamva *bu*, ndimakuwa kuti pasopu, chenjerani, ndipo anthu makumi anayi amaima. Mzungu amaima. Kapitawo amaima.” Adaloza mwana wake ndi chibwano. “Uyu yekha ndiye saima.”

“Adadi!”

“Tsiku loyamba ndinalowa. Pabalaza, *ngwe*. Pakhonde, *ngwe*. M'chipinda, *bu*. Ndinati Polina, pansi apa palibe kanthu. Anati adadi mwatopa, imwani mapilitsi.”

“Ndinkaganiza kuti simukufuna kuchoka ku Kasinje!”

“Sindinkafunadi. Koma *bu* ndi *bu*.”

Nomsa adapukusa mutu. Mmisiri woyeza nyumba, Pauline adamukana chifukwa cha masiku atatu. Wina adali naye m'nyumba momwemo, waulere, n'kumamumwetsa mapilitsi.

“Dzulo munamva munthu akukumba?”

“Palibe anakumba. Ndinali pabalaza ndi wailesi. Mvula inagwa Loweruka tsiku lonse. Dzulo ndinangomva kuti *phwa*, nyumba n'kugwedezeka. Ndinati ehe, yafika.”

“Munauza anthu?”

“Ndinauza. Anati agogo khalani chete, simukudziwa za Aleck.”

“Pansipo pali chiyani?”

“Ine ndimamva mphanga, Nangozo, sindiiona. Koma kuseri kwa mpanda uko kuli mayi wina. Tsiku lililonse amasuzumira chipindachi ngati munatsekeredwa mwana wake. Mufunseni ameneyo.”

*

Mayiyo ankakazinga zitumbuwa pa mbaula. Hannah, wamasiye, wowonda, wa maso othamanga. Malemu mwamuna wake adali mng'ono wa Paison, ndipo kanyumba komwe ankakhala kadali pa malo a Paison. Adanena izi zonse Nomsa asadafunse, ngati munthu wotseka mawindo mvula isadafike.

“Ndiye ine sindikudziwa kanthu, achemwali. Ndimaona zanga.”

“Mwakhala pano zaka zingati?”

“Zambiri. Koma ndimaona zanga.”

“Chipinda chija chisanamangidwe, panali chiyani?”

“Bwalo.”

“Nthochi?”

Supuni idaima m'mafuta. “Mwina. Nthochi zili paliponse.”

“Pa puloti ija palibe. Koma ina ikutuluka pansi pa simenti.”

“Nthochi ndi yamakani. Mungadule, mungatani, imabwera. Mugula zitumbuwa?”

Nomsa adagula ziwiri. Zidali zabwino, ndipo izi zidamukwiyitsa. Adayang'ana zigubu zisanu zofoleredwa pakhomo, ndi nkhata yansalu pamwamba pake.

“Madzi mumatunga kuti?”

“Ku mjigo, kuseri kwa sukulu. Kutali, achemwali! Khosi langali latha. Kale tinkangoti tatuluka, tatu...” Adatseka pakamwa. Adatembenuza chitumbuwa chomwe adali atachitembenuza kale.

“Kale munkatani?”

“Kale tinali ndi mphamvu.”

Wani koloko idali itadutsa. Nomsa adapukuta zala pa pepala naimirira. Adalankhula ngati akudziuza yekha.

“Basi. Poti palibe akudziwa kanthu, dzenjelo tilitseka lero. Miyala, kenako konkire pamwamba. Lisadzatsegukenso mpaka kalekale.”

Adayenda mapazi atatu.

“Ndi ndowa yanga momwemo?”

Nomsa adaima.

“Ndowa yachitsulo! Ya malata enieni, osati timapulasitiki ta lero! Anandigulira malemu ku Joni, chaka chomwe anabwerako komaliza. Chingwe chinaduka, ine ndikuona. Ndinawapempha alamu, ndinagwada, kuti tiitanitse munthu alowe akaitenge. Anati mawa. Mawa. Kenako chitsime chinayamba kugumukira mkati, iwo n'kuthiramo mapesi, zinyalala za pa msika, chilichonse. Anadzalapo nthochi, monga amachitira aliyense pa dzenje lakale. Ndinati chabwino, bola ndikudziwa pomwe ili. Patapita zaka zitatu anadula nthochi n'kumangapo chipinda. Pamwamba pa ndowa yanga!”

Adapuma. Adagwira pakamwa ndi dzanja lamafuta. Kuseri kwake zitumbuwa zinkapserera.

“Ine sindinanene kanthu,” adatero motsitsa.

“Simunanene. Ndowayo ndingaidziwe bwanji?”

“Pansi pake pali H wa penti yofiira.” Misozi idalengeza. “Andithamangitsa pano, achemwali.”

“Aleck ali ndi ana awiri, mayi.”

Hannah adayang'ana kumpanda. Kenako adaphula chiwaya.

*

Ng'ombe ziwiri za ngolo zidabwerekedwa kwa mlimi wina wa kumtunda. Zingwe zidachokera pa msika. Anthu adabwera okha, osaitanidwa, khamu lomwe lija la dzulo. Nomsa adatumiza uthenga ku polisi kuti Aleck abwere naye. Adamuimika poyera, maunyolo ali m'manja, kuti aliyense amuone.

Paison adafika akuthamanga, jekete likuuluka.

“Bwana, bwana! Musagwire! Mukuwononga umboni! Komanso muli zinthu umo, anthu angavulale. Tiyambe taitana abusa.”

“Abusa akusunga ana a Aleck. Ali otanganidwa. Kokani!”

Mwini ng'ombe adaliza chikwapu. Zingwe zidalimba. Wadiropu idalira, idagwedezeka, idatuluka m'dzenje ngati dzino lovunda. Fungo lidabuka. Anthu adabwerera m'mbuyo atagwira mphuno.

Amuna anayi adachotsa njerwa zogumuka. Adatunga madzi akuda ndi zigubu zodula. Kudatuluka mapesi owola. Mathunthu a nthochi ofewa ngati phala. Mabotolo, nsapato imodzi, matayala a njinga. Dzenje lidayamba kuonetsa nkhope yake. Lidali lozungulira bwino. M'mbali mwake mudali njerwa zakale zoyalidwa mwaluso, zobiriwira ndi ndere, kutsika mpaka kumdima.

Nomsa adatembenukira khamu.

“Ndani pano angakumbe ichi ndi khasu, pakati pa nyimbo yoyamba ndi chopereka? N'kuyalamo njerwa? N'kumeretsamo ndere?”

 Mayi wina kumbuyo adati, “Koma paja panalidi chitsime apa.” Wina adati, “Eya, tinkatunga tili ana.” Wachitatu adati iye adadziwa kuyambira dzulo.

“Munadziwa,” adatero Nomsa. “Ndipo mwala munanyamula wa chiyani?”

Mmodzi mwa amuna aja adatsitsa nsungwi yaitali yomangirira ngowe ya waya. Adavundula. Adakoka tayala. Adavundulanso. Kachitatu ngowe idakola chinthu cholira. Idatuluka ndowa yachitsulo, yopindika, yadzimbiri, kachingwe kowola kakulendewera pa chogwirira. Nomsa adaitembenuza napukuta pansi pake ndi mapesi. H wofiira.

Hannah adadutsa pakati pa anthu osayang'ana mlamu wake. Adailandira ndi manja awiri, naifungata pachifuwa, matope ndi zonse.

“Mlamu,” adatero Paison, “ukudziwa pomwe ukugona?”

“Mawu amenewo ndawalemba,” adatero Nomsa. “Mundipatse kiyi wa kachipinda ka kuseri.”

“Ndinataya.”

“Ali pa mulu wa makiyi uli pa lamba wanuwo. Kapena tiyese mmodzimmodzi anthu akuona?”

Chitseko chidatseguka ndi kiyi wachiwiri. Mkati mudali fumbi la miyezi. Pakona padatsamira chikwanje ndi keni yothirira, zonse zolembedwa A.C., zonse zokutidwa ndi ukonde wa kangaude. Pakati pa ziwirizo padali mpata, ndipo pa fumbi la pansi padatsala chidindo cha khasu. Nomsa adaika khasu lija pamenepo. Lidakwana ngati phazi mu nsapato yake.

Adayang'ana nsapato za Paison. Matope ofiira. Kutsogolo kwa golosale yake, pa msika, dothi lonse ndi katondo.

“Munalitenga dzulo chipinda chitagwa. Munalipaka matope a pakhomo panu. Kangaude munamuiwala.”

Thukuta lidatsika m'masaya mwa Paison. Mawu a sopo aja adatha.

“Chabwino. Chitsime chinalipo. Ndiye? Ndinachikwirira. Chipinda chaima zaka zisanu. Ndani pano sanamangepo pa dzenje?” Adaloza Pauline. “Mayiyu anandifunsa za chitsime? Anafunsa ngati netiweki imagwira. Anafunsa ngati penti ndi yochapika. Ndinayankha zoona zokhazokha. Sanandifunse!”

 

“Wadiropu anakupemphani kuti muikhomere pa mng'alu?” adafunsa Nomsa. “Aleck anakupemphani kuti mumunamizire? Akadagonamo mdala uja, bwenzi lero tikukamba za maliro.”

Adamasula maunyolo m'manja mwa Aleck. Adali otentha ndi thukuta. Adawatsekera pa Paison pomwepo. Manja ake adali onenepa, maunyolo adangokwana pa dzino lomaliza.

Khamu lidayamba kung'ung'udza, kufunafuna miyala yomwe lidataya dzulo.

“Woyamba kutola mwala akagona naye chipinda chimodzi,” adatero Nomsa. “Ndatopa nanu. Pitani mukauze mkazi wa munthuyu kuti abwerere kwawo. Ndipo mawa mukamugule tomato.”

Anthu adabalalika pang'onopang'ono, aliyense akufotokozera mnzake momwe iye adakayikirira kuyambira pachiyambi.

Aleck adatsala akusisita mikono. Adapempha khasu lake. Nomsa adati lidikire khothi. Aleck adati khasu lomwe lamangidwa popanda mlandu lili ngati mwini wake.

Pauline adabwera pafupi, maso ali pansi.

“Bambo Chimombo, pepani. Dzulo ndinakutukwanani.”

“Munanditukwanadi.”

“Ndawaimbira a Steve, oyeza nyumba aja. Abwera Lachinayi. Masiku atatu, sabata, mmene angafunire.” Adatembenukira Nomsa. “Chipinda chapita, koma kwinaku mwina kuli bwino. Si choncho, a Sajeni? Kwinaku n'kolimba?”

 Nomsa ankamvetsera. M'nyumba muja munkamveka ndodo, ikuyenda pang'onopang'ono.

*Ngwe.* Pabalaza.

*Ngwe.* M'kanjira.

*Ngwe. Ngwe.*

Kenako, kuchokera kukhitchini, komwe Pauline adaika firiji yatsopano:

*Bu.*

 Ndodo idabwerezanso, kuti wina asadzati sadamve.

*Bu.*

“Polina!” adakuwa mdalayo. “Pasopu!”

Onse adatembenukira Aleck. Iye adayang'ana kumwamba, adayang'ana ng'ombe, adayang'ana mikono yake yotupa.

“Munakhalamo zaka ziwiri,” adatero Nomsa. “Kukhitchini kuli chiyani?”

“Akuti kale panali chimbudzi, bwana. Nyengo yotentha chimadzikumbutsa.”

“Bwanji osanena?”

Aleck adatola chipewa chake chomwe chidagwera m'matope, nachikung'untha pa bondo.

“Ndinanena kamodzi kuti nyumba imamwa, ndagona m'chitokosi. Ndikanati imapumanso, mukanandipeza wamoyo?”